Zimene Zimapanga Thupi la Munthu ndi Mmene Mabala Amapolera

Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo, tizinthu tamoyo tating'ono kwambiri moti sitioneka popanda maikulosikopu. Munthu wamkulu amakhala ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni, koma maselowa sanangomwazikana chisawawa. Amene ali ofanana ndipo amagwira ntchito imodzi amakhala pamodzi monga gulu, ndipo magulu angapo akaphatikizana amapanga chiwalo, kaya ndi mtima, chiwindi, mapapo kapena khungu. Magulu akuluakulu alipo 4: maselo okuta, maselo olumikiza, maselo a minofu ndi maselo a minyewa yotumiza mauthenga. Magulu amenewa sapola mofanana akavulala. N'chifukwa chake bala la m'kamwa limatseka pa masiku ochepa, fupa limatenga milungu ingapo, bondo limatha kuwawa kwa zaka, pamene munthu woduka msana kawirikawiri sayendanso.

Amene anayamba kuona thupi mwanjira imeneyi ndi dokotala wa ku France, Xavier Bichat. Cha m'ma 1800 iye ankang'amba mitembo yambiri mumzinda wa Paris, ndipo anaona kuti ziwalo zosiyana zimapangidwa ndi zinthu zochepa zomwezomwezo. Iye anawerenga mitundu 21, osagwiritsa ntchito maikulosikopu n'komwe. Anazindikiranso kuti matenda amatha kugwira gulu limodzi m'chiwalo n'kusiya ena ali bwinobwino. Bichat anamwalira mu 1802 ali ndi zaka 30 zokha. Mu 1839 Theodor Schwann wa ku Germany anasonyeza kuti matupi a nyama amapangidwa ndi maselo, ndipo m'kupita kwa nthawi mitundu 21 ija inaphatikizidwa kukhala magulu 4 amene amaphunzitsidwa lero.

Maselo okuta

Paliponse pamene thupi limakumana ndi zakunja pamakhala maselo okuta. Ndi amene ali pamwamba pa khungu, m'kamwa, kummero, m'matumbo, m'njira za mpweya, m'chikhodzodzo ndi m'chiberekero. Tiziwalo totulutsa thukuta, malovu ndi mkaka timachokeranso m'gulu lomweli. Maselo ake amathithikana kwambiri osasiya mpata, ndipo mulibe mitsempha ya magazi. Chakudya ndi mpweya amazilandira kuchokera ku gulu lolumikiza limene lili pansi pake. Munthu akangokalika pang'ono satuluka magazi, chifukwa chokalacho sichinafike pamene pali mitsempha.

Makulidwe ake amatsatira ntchito. M'mapapo muli mzere umodzi wokha wa maselo opyapyala zedi kuti mpweya wa okosijeni ulowe m'magazi mosavuta. Pakhungu pali mizere yambiri yosanjikizana. Maselo atsopano amabadwira pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono, n'kudzaza ndi puloteni yolimba yotchedwa keratini, kenako amafa n'kufundudwa. Ulendo umenewu umatenga pafupifupi mwezi. Pamene pamakhuzika kawirikawiri, monga m'manja mwa mlimi wogwira khasu kapena kuphazi kwa woyenda wopanda nsapato, mizereyo imachuluka ndipo khungu limakhuthala. M'njira za mpweya maselo ali ndi titsitsi timene timakankhira mamina ndi fumbi kumtunda, ndipo utsi wa fodya umafooketsa titsitsi timeneti. M'matumbo ndi mmene zinthu zimathamanga koposa: maselo okuta matumbo aang'ono amasinthidwa onse pa masiku 3 mpaka 5.

Kugawikana kosalekezaku kuli ndi kuipa kwake. Selo likamagawikana limakopera malangizo amene ali mkati mwake, ndipo pokoperapo pamatha kulakwika. Khansa zambiri za anthu akuluakulu zimayambira m'maselo okuta, kuphatikizapo khansa ya khomo la chiberekero ndi ya kummero, zimene zavutitsa kwambiri anthu m'Malawi. Mankhwala ambiri a khansa amalimbana ndi maselo ogawikana msanga, motero amakhudzanso tsitsi, m'kamwa ndi m'matumbo. Odwala amathothoka tsitsi ndi kutuluka zilonda m'kamwa pa chifukwa chimenechi.

Maselo olumikiza

Gulu ili ndi lalikulu ndipo lili ndi zinthu zooneka ngati zosagwirizana: mnofu wolimba wa pansi pa khungu, mafuta, zingwe zomangirira minofu ku mafupa, chichereŵechereŵe, mafupa, ngakhalenso magazi. Chimene chimazigwirizanitsa n'chakuti maselo ake amakhala motalikirana, ndipo pakati pawo pamadzaza zinthu zimene maselowo amapanga okha. Zinthuzo zikakhala zamadzimadzi ndiye magazi, zikakhala zolimba ndi mchere wa kashiamu ndiye fupa.

Chofunika kwambiri pa zinthu zimenezi ndi kolajeni, puloteni ya ulusi wolimba imene imapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mapuloteni onse a m'thupi. Maselo otchedwa fibroblast ndi amene amaipanga, ndipo sangathe kuipanga bwino popanda vitamini C. Umboni wake unaoneka momvetsa chisoni pakati pa amalinyero akale a ku Ulaya, amene ankatha miyezi panyanja osadya zipatso kapena masamba. Nkhama zawo zinkatupa ndi kuchucha magazi, mano ankagwedera, ndipo pa ulendo wa panyanja wa George Anson wa 1740 mpaka 1744 kunalembedwa kuti mabala amene anapola zaka zambiri m'mbuyomo ankatsegukanso. Mu 1747 dokotala wa ku Scotland, James Lind, anagawa amalinyero odwala 12 m'magulu a anthu awiriawiri n'kuwapatsa zinthu zosiyanasiyana. Amene analandira malalanje ndi mandimu ndi omwe anachira msanga. Nkhani imeneyi ikusonyeza kuti ngakhale chipsera chakale n'chamoyo, ndipo thupi limachikonzabe tsiku ndi tsiku.

Fupa nalonso ndi lamoyo, ngakhale ambiri amaliona ngati chinthu chouma. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo m'fupa lililonse muli mitsempha ya magazi ndi maselo amitundu iwiri ogwira ntchito mosinthana: ena amagumula fupa lakale, ena amamanga latsopano. Pa chaka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafupa limasinthidwa. M'mafuta a mkati mwa mafupa ena ndi mmene mumapangidwa magazi. Selo lofiira la magazi limakhala masiku pafupifupi 120, ndipo kuti chiwerengero chisatsike, pa sekondi iliyonse pamabadwa atsopano oposa 2 miliyoni. Chichereŵechereŵe, chimene chimakuta nsonga za mafupa m'mfundo, n'chosiyana kotheratu. Mulibe mitsempha ya magazi, ndipo zimenezi zidzaonekanso pa nkhani ya kupola.

Minofu ndi minyewa

Maselo a minofu ali ndi luso limodzi: kufupika akalandira uthenga. Minofu yomangiriridwa ku mafupa, imene ilipo yoposa 600, imayenda munthu akafuna. Ina imagwira ntchito munthu osadziwa: ndiyo imakankha chakudya m'matumbo, imachepetsa kapena kukulitsa mitsempha ya magazi, ndipo imatulutsa mwana pa nthawi yobereka. Mtundu wachitatu umapezeka mumtima mokha. Maselo ake analumikizana mwakuti amafupika onse pamodzi, maulendo pafupifupi 100,000 pa tsiku.

Minyewa ndiyo imanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi lonse. Mu ubongo muli maselo otere pafupifupi 86 biliyoni. Lililonse lili ndi tinthambi tolandirira uthenga ndi kaulusi kamodzi kautali koutumizira, ndipo kaulusi kochokera kumunsi kwa msana kupita ku chala cha kuphazi kamatha kutalika mita imodzi. Mauthenga ena amathamanga mamita oposa 100 pa sekondi. Maselo ambiri otere amapangidwa munthu asanabadwe ndipo sagawikananso.

Chimene chimachitika pabala

Khungu likachekeka, ntchito yoyamba ndi kuletsa magazi. Mitsempha yodukayo imafinyika, timaselo totchedwa mapulateleti timamatirira pamalopo, ndipo mapuloteni a m'magazi amapanga ulusi wogwira zonse pamodzi mpaka magazi ataundana. Kupanikiza bala ndi nsalu yoyera kwa mphindi pafupifupi 10 osasuzumira kumathandiza ntchito imeneyi.

Kenako pamabwera kutupa. Mlembi wa ku Roma, Celsus, anatchula zizindikiro zake 4 zaka pafupifupi 2,000 zapitazo: kufiira, kutupa, kutentha ndi kupweteka. Pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, ndipo nthawi zambiri malowo amangoderapo kapena kunyezimira. Zonsezi zimachitika chifukwa mitsempha imatseguka kuti maselo oyera a magazi afike msanga. Oyamba kufika amapha tizilombo n'kufera pomwepo, ndipo akachuluka ndiwo amapanga mafinya. Pakapita masiku awiri kapena atatu pamafika maselo oyera akuluakulu amene amameza zinyalala ndi kuitana maselo omanga. Choncho kutupa kwa masiku oyambirira si matenda, ndi mbali ya kupola. Kumadetsa nkhawa ngati kukuwonjezeka m'malo mochepa.

Kuyambira cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi mpaka milungu itatu, bala limadzazidwa. Timitsempha tatsopano timamera, ma fibroblast amayala kolajeni, ndipo pansi pa bala pamaoneka mnofu wofiira wa timibulu umene suchedwa kuchucha magazi ukakhudzidwa. Mnofu wotero ndi chizindikiro chabwino. Nthawi yomweyo maselo okuta amayenda kuchokera m'mphepete kulowera pakati, ndipo milomo ya bala imakokedwa kuti iyandikane. Bala losokedwa bwino limatsekeka pamwamba pa masiku awiri, chifukwa mtunda woti maselo ayende ndi waufupi.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti bala liyenera kusiyidwa pamtunda kuti liume n'kuchita nkhanambo. Mu 1962 wasayansi wa ku Britain, George Winter, anayesa zimenezi pa nkhumba ndipo anapeza kuti mabala ophimbidwa, okhala ndi chinyontho pang'ono, ankatseka msanga kuposa osiyidwa kuti aume. Maselo okuta amayenda mosavuta pamalo onyowa, pamene pansi pa nkhanambo youma amachita kuboola njira. Bala lotsukidwa ndi madzi oyera n'kumangidwa ndi bandeji yaukhondo, yosinthidwa pafupipafupi, limapola bwino kuposa losiyidwira ntchentche ndi fumbi.

Gawo lomaliza ndi lalitali kwambiri, ndipo ndi limene anthu amaliiwala. Kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, kolajeni woyalidwa mofulumira uja amachotsedwa n'kuikidwa wina wolimba, wotsatira mbali imene khungu limakokeka. Pakatha milungu itatu, bala looneka ngati lapola limakhala ndi mphamvu pafupifupi 20 peresenti yokha ya khungu labwino, ndipo ngakhale litakhwima silipitirira 80 peresenti. Mayi wobereka kudzera pa opaleshoni akauzidwa kuti asasenze ndowa kapena kusinja kwa milungu ingapo, chifukwa chake n'chimenechi. Chipsera chili ngati chigamba pa malaya: chimatseka chibowo ndipo chimagwira, koma si nsalu yoyamba ija. Sipamera tsitsi ndipo sipatuluka thukuta.

Kwa anthu ena ma fibroblast saleka ntchito pa nthawi yake. Chipsera chimatukumuka n'kupitirira malire a bala, chimayabwa, ndipo chikadulidwa chimakonda kubwereranso. Madokotala amachitcha keloid. Chimapezeka kwambiri mwa anthu akhungu lakuda, makamaka pamakutu, pachifuwa ndi pamapewa, ndipo chimayenda m'magazi a pabanja. Munthu amene chinamuchitikirapo ayenera kuganiza kawiri asanaboole makutu kapena kutemera mphini.

Zopola bwino ndi zopola movutikira

Fupa ndi chimodzi mwa zinthu zochepa m'thupi zimene zimapola ndi chinthu chenichenicho osati chipsera. Likathyoka, magazi amaundana pakati pa zidutswa. Pa milungu iwiri kapena itatu pamapangika chomatira chofewa cha chichereŵechereŵe, chimene pambuyo pake chimasanduka fupa, chotupa pang'ono moti chimamveka pochigwira. Kwa miyezi kapena zaka chotupacho chimasalazidwa. Mafupa ambiri a munthu wamkulu amagwirana pa milungu 6 mpaka 12, a ana mofulumirirapo. Koma fupa limagwirana mmene lagonera. Likasiyidwa lokhota limapola lokhota, ndipo likamagwedera kwambiri limatha kulephera kugwirana. Ntchito ya chikhakha, zitsulo kapena kukoka mwendo ndi zolemera ndi kuliwongola ndi kuligwira, pamene ntchito yolumikiza fupalo thupi limaichita lokha. M'Malawi, mmene madokotala a mafupa ndi ochepa, anthu ambiri othyoka amathandizidwa m'zipatala za maboma ndi makiliniko ofesala a mafupa, amene maphunziro awo anayamba mu 1985. Kumanga mkono wothyoka mothina kwambiri ndi timitengo ndi nsanza kumatha kutseka magazi mpaka mkonowo kufa.

Chiwindi n'chodabwitsa koposa. Mu 1931 ofufuza awiri a ku United States, Higgins ndi Anderson, anachotsa magawo awiri mwa atatu a chiwindi cha makoswe, ndipo chotsalacho chinakula n'kubwerera pa kulemera kwake pasanathe milungu iwiri. Luso limeneli ndi limene limachititsa kuti munthu wamoyo athe kupereka gawo la chiwindi chake kwa wodwala. Komabe chiwindi chikamavulazidwa mosalekeza ndi mowa, kachilombo ka hepatitis B kapena likodzo la m'matumbo, zipsera zimachuluka mkati mwake, chimauma, ndipo magazi amavutika kudutsamo.

Minofu ya m'mikono ndi m'miyendo ili ndi maselo osungidwa amene amadzuka ikang'ambika pang'ono, n'chifukwa chake wosewera mpira amachira. Zingwe zomanga mfundo zimachedwa chifukwa zimalandira magazi ochepa, ndipo kubinya bondo kumatha kuvutitsa nthawi yaitali kuposa kuthyoka. Chichereŵechereŵe cha m'mfundo chikaperepeseka sichibwereranso, ndipo uku ndiko kuwawa kwa mawondo ndi m'chiuno kumene kumasautsa okalamba.

Mtima ndi wosauka pa nkhaniyi. Ofufuza a ku Karolinska Institute ku Sweden anafalitsa mu 2009 zotsatira zosonyeza kuti mwa munthu wa zaka 25, pafupifupi selo limodzi lokha pa maselo 100 a mnofu wa mtima limasinthidwa pa chaka, ndipo chiwerengerochi chimatsika ndi ukalamba. Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, mnofu wofawo umalowedwa m'malo ndi chipsera, chimene sichipopa magazi.

Minyewa ili pawiri. Ya m'mikono ndi m'miyendo ikaduka n'kusokedwa bwino, ulusi wake umameranso pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, motero mphamvu ndi kumva zimabwerera pakapita miyezi. Mu ubongo ndi m'chingwe cha minyewa chodutsa mumsana, ulusi woduka sumeranso mokwanira. Munthu wodwala sitiroko akayambanso kuyenda kapena kulankhula, sikuti maselo akufa aja auka. Otsalawo ndi amene apanga njira zatsopano n'kutenga ntchitoyo, ndipo amatero akamagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza. Mafizo oyambidwa msanga ndi mankhwala enieni, osati chongotayitsa nthawi.

Zimene zimachedwetsa kupola

Bala lililonse limadalira magazi obweretsa okosijeni, chakudya ndi maselo oyera. La kumaso limapola msanga kuposa la pamsongolo chifukwa kumaso kuli mitsempha yambiri. Fodya amafinya mitsempha. Matenda a shuga amawononga mitsempha ndi minyewa pamodzi, mwakuti munthu amatha kuponda minga osamva kanthu, n'kudzazindikira chilonda chitakula. Wodwala shuga ayenera kuyang'ana mapazi ake tsiku lililonse. Zofananazo zimachitika pa khate: zala sizingoduka zokha, koma zimavulala mobwerezabwereza chifukwa sizimva kupweteka. Wodwala wogona malo amodzi amachita zilonda pamatako, m'chiuno ndi ku zidendene chifukwa thupi limapanikiza mitsempha, ndipo amafunika kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse.

Chakudya nachonso n'chofunika. Nyemba, mtedza, soya, usipa ndi mazira zimapereka mapuloteni omangira, pamene magwafa, malambe, mango, malalanje ndi masamba osapsetsa kwambiri zimapereka vitamini C. Kachilombo ka HIV kosalandirira mankhwala kamachedwetsa kupola, ndipo mafuta ena oyeretsa khungu, okhala ndi mankhwala a steroid, amapyapyalitsa khungu moti limang'ambika msanga. Kuthira dothi, phulusa kapena ndowe pabala n'koopsa, chifukwa tizilombo toyambitsa kafumbata timakhala m'nthaka ndi m'ndowe. Bala lolumidwa ndi galu liyenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako munthuyo athamangire kuchipatala chifukwa cha chiwewe.

Mabala a moto amasonyeza bwino zonse zimene zafotokozedwazi. Ambiri amene amapsa kuno ndi ana aang'ono ogwera pamoto kapena kukhuthukiridwa phala ndi madzi otentha, komanso odwala khunyu amene amagwa ali pafupi ndi moto. Ngati kwapsa pamwamba pokha, maselo okuta obisala m'mizu ya tsitsi ndi m'tiziwalo ta thukuta amafalikira n'kutseka malowo pa milungu iwiri kapena itatu. Moto ukalowa mwakuya, maselo amenewo amatha, ndipo bala limadalira m'mphepete mokha. Likakhala lalikulu madokotala amasenda khungu lopyapyala pantchafu n'kuliika pabalapo, ntchito imene imachitika m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene kuli chipinda cha odwala opsa. Bala lakuya likasiyidwa, chipsera chimakoka mpaka chigongono, zala kapena khosi kupindika osawongokanso. Chithandizo choyamba ndi kuthira madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapaka mazira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira, ndiponso osaboola matuza.

Bala loyasama, lakuya, losaleka kutuluka magazi, lonunkha, lotuluka mafinya ambiri kapena lobweretsa kutentha thupi liyenera kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso chilonda chimene chatha mwezi osasonyeza kuti chikutseka, chifukwa kuseri kwake kumatha kukhala shuga, vuto la mitsempha kapena matenda ena, ndipo chilonda chokhalitsa zaka nthawi zina chimasanduka khansa ya pakhungu.